Kuseri kwa Chidzenje

Lolemba, 3 Malichi

Ababa agwa m'bafa m'mawa. Chotupa pachipumi chakumanja, ngati dzira. Ndati tipite kuchipatala, iwo: "Iwe, mutu uwu unapirira amako zaka makumi anayi, ungagonjere simenti?" Ndaseka, ndawaika kansalu konyowa, ine uyo kuntchito.

Kuntchito zomwe zija, zithunzi za pulaneti loyandikana ndi dzuwa. Chimwala chinagwako kalekale n'kusiya chidzenje, mapiri n'kutumphuka mozungulira ngati mkombero wa lichero. Yanga n'kuyeza mithunzi ya mapiriwo kuti tidziwe kutalika kwake.

Lachiwiri, 4 Malichi

Chotupa chaphwa. Achimwene pafoni: "Waona? Mantha ako aja."

Lachitatu, 5 Malichi

Ababa athira mchere mu tiyi, amwa osadandaula. Kenako kapu yawapulumuka. Andiitana dzina la malemu amayi, kawiri. Ndawapapasa pachipumi, posalala bwinobwino.

Lachinayi, 6 Malichi

Angogona tsiku lonse, ati kutopa. Ine ndayeza mapiri khumi, atatu ndalakwitsa.

Lachisanu, 7 Malichi

A Magalasi, abwana athu, andionetsa zithunzi zina. Nthaka yophwanyikaphwanyika, zitunda zosalongosoka, koma dzenje palibe. Ndafunsa kuti apa chinagwa n'chiyani.

"Palibe chinagwa. Uku n'kuseri kwenikweni kwa chidzenje chako chija. Mphamvu inadutsa m'kati mwa pulanetilo n'kukaswa mbali inayo. Anthu timangothamangira poonekera."

Ndatuluka osatsanzika, chikwama ndachisiya pampando.

Ababa ndawapeza pakhonde, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja, akuitembenuza ngati sakuidziwa.

Lachisanu lomweli, pabenchi ya chipatala

Awajambula mutu. Adokotala, mayi wosachulutsa mawu, andifunsa kuti anamenyetsa mbali iti. Ndati kumanja. Pachithunzi cha mutuwo, chala chawo chadutsa kumanjako osaima, chakaima kumanzere, pakachigamba kotuwa.

"Magazi akhala akudontha kuyambira Lolemba. Munali kuti masiku onsewa?"

Ndinali kuyeza mithunzi.

Awameta kumanzere, mbali imene sindinaikhudze n'komwe sabata yonseyi. Powakankhira m'chipinda cha opaleshoni, ababa andiyang'ana n'kufunsa anamwino kuti mayiyu ndi ndani.

Achimwene akuimba foni kachitatu. Nsapato ija ili pamiyendo panga, chitseko chikadali chotseka.