Matimati a malemu a Dominiko

Lolemba, 5 Febuluwale 2024
Matimati 64, mizere inayi. Odwala 7, onse mu mzere woyamba: timadontho takuda pamasamba, m'mbali mwake mwachikasu. Mbewu imeneyi amuna anga, malemu a Dominiko, anaisunga zaka 19. M'botolo lawo simunatsale njere ndi imodzi yomwe. Akafa awa, yatha.

Lachitatu, 7 Febuluwale
Odwala 12. Ndatumiza zithunzi kwa Fiona, mwana wa mng'ono wanga, wophunzitsa zaulimi. Waimba masana.

"Ndi mabakiteriya, mayi aakulu. Akafika patsamba, chomera chimatulutsa timadzi ta uthenga: timabowo topumira titseke, masamba ena akonzeke."

"Nanga akuferanji, ali ochenjera chotero?"

"Tizilomboto timatumiza uthenga wabodza, wonga wa chomera chimene chikudyedwa ndi mbozi. Chimayamba kulimbana ndi mbozi zoti palibe, timabowo n'kutsegukanso."

Akuti uthenga woona uja ndi pachibale ndi asipulini. Ndiyese pa athanzi, koma sakulonjeza kanthu.

Lachinayi, 8 Febuluwale
Asipulini mmodzi, madzi malita anayi. Ndapopera mzere wachiwiri ndi wachinayi. Wachitatu ndausiya kuti ndifanizire. A Bonifasi a munda woyandikana nawo andifunsa: "Aphunzitsi, matimati akumva mutu?" Sindinaseke.

Loweruka, 10 Febuluwale
Chifunga, phiri la Mphunzi osaoneka. Odwala 19.

Lachiwiri, 13 Febuluwale
Odwala 27. Woyamba 14, wachiwiri 4, wachitatu 8, wachinayi 1. Ndamuwerengera Fiona, ndili wonyadira pang'ono. Wati nambala n'zochepa, tisafulumire. Kenaka wafunsa:

"Kodi mumawerenga nthawi yanji?"

"Hafu faifi, ndisanapite ku Misa. Tsamba lililonse ndimalitembenuza."

"Mame asanaume? Kuyambira mzere uti?"

"Woyamba."

Kenaka wati:

"Mayi aakulu, mabakiteriyawa amayenda ndi madzi. Ndi m'manja."

Ndayang'ana zala zanga. Zobiriwira mpaka m'zikhadabo.

Lachitatu la Phulusa, 14 Febuluwale
Pochoka ku tchalitchi ndapita kumunda, phulusa lili pamphumi. Ndaima pamalire, manja kumbuyo. Masamba onyowa.

A Bonifasi afuula: "Lero angati, aphunzitsi?"

Pomwe ndinaima ndimaona nsonga zokha za mzere wachinayi, ndi maluwa atatu achikasu. Kunsi kwa masamba osaona.

"Sindikudziwa," ndayankha.

Sindinalowe.