Baseline yopanda hita

Gulu: Ana a mai Nasimango ku Joni
Dailesi, Geofrey, Tisungeni

Lolemba

13:12 Geofrey: ayi asisi si za boma. ndi za kuntchito kwanga. funso limodzi basi

13:12 Geofrey: kunyumba kwanu ku Nellmapius kukazizira mumaotha chani

13:20 Dailesi: iwe Jofu ndili pa ntchito kuno ku Irene, madam ali pompano. funsa mlongo wakoyo, ndi amene akugona mchipindamo ndi mwana. ine ndimapitako weekend yokha

13:21 Geofrey: Tisu

13:24 Tisungeni: ndilipo achimwene. mukufuna kutigulira hita? kkkk

13:25 Geofrey: akufuna kumanga block ya zipinda za lendi. zonga chanucho. ine ndimaimanga kaye pa computer. ndione izizizira bwanji, izidya magetsi bwanji

13:26 Geofrey: kenako ndimaifanizira ndi nyumba ina yongoyerekeza, nyumba wamba. imeneyo timati baseline

13:26 Geofrey: nde mu baseline muyenera kukhala chotenthetsa ndi choziziritsa. ndisankhe ine

13:29 Dailesi: choziziritsa mu july muno? mutu ukuyenda bwino?

13:29 Geofrey: model imayenda chaka chonse asisi. december alimo

13:30 Dailesi: december timatsegula chitseko. lemba zimenezo

13:31 Geofrey: ndalemba kale. cooling palibe. pamenepo ine ndi bwana wanga Refilwe tamvana

13:32 Geofrey: takanganirana heating. iwo akuti ndiike hita ya magetsi chipinda chilichonse, olo pa plan palibe. akuti munthu akazizidwa amaupeza moto penapake

13:32 Geofrey: ine ndati anthuwa ndi anga. ndimawadziwa. hita ndi prepaid sizimwerana madzi

13:38 Dailesi: 🎤 mawu 0:41
Hita ndinali nayo ine, ya ma bar awiri. Ukangoiyatsa mita imathamanga ngati yaona apolisi. Ndinaipereka kwa eni ake a magetsi ambiri. Mbaula nayo abambo Lyton, eni yadi, analetsa kalekale, akuti safuna kuikitsa maliro a mlendo. Tisu ndinamuuza tsiku lomwe tinatsika basi kuchokera ku Chikwawa, kuti mwanawe kuno si kwathu, July wa kuno amaluma, koma mbaula m'nyumba mwanga ayi. Ndiye uwauze abwana akowo kuti ife timaotha mabulangete.

13:39 Geofrey: Tisu ndi zoona?

13:51 Tisungeni: eya achimwene. mabulangete ndi jekete ya asisi

13:51 Geofrey: nanga mwana wako Pilira

13:52 Tisungeni: ndimagona naye pachifuwa

13:52 Geofrey: sharp. baseline no heating. ndapambana

16:40 Geofrey: results zatuluka. tamverani

16:41 Geofrey: ngati mchipinda mulibe moto, kutentha konse ndi kwa matupi anu. nde kumathawira mmabowo. pansi pa chitseko. mmphepete mwa windo. ndi njerwa ya timabowo ija pamwamba pa khoma

16:42 Geofrey: kutseka zonsezo, model ikuti mmawa chipinda chikwera ndi madigiri atatu. ulele

16:45 Tisungeni: nditseke ndi chani

16:45 Geofrey: nyuzipepala. nsanza. tape ngati ilipo. lero akuti kuchita chisanu, tseka kusanade

16:50 Dailesi: sukulu ija yayamba kubala tsopano kkkk

18:05 Tisungeni: 📷 chithunzi

18:05 Tisungeni: ndatseka ponseponse. ngakhale nyerere singalowe

18:09 Geofrey: 👍 ndili mu taxi. ndichiona bwino mawa

19:48 Tisungeni: mwafunda zedi muno achimwene zkm. mutu wokha ukuwawa pang'ono

19:53 Dailesi: ndi chimfine. imwa panado ugone. mawa uli ndi zochapa ku Queenswood, mai aja safuna wochedwa

Lachiwiri

06:52 Geofrey: Tisu wadzuka bwanj. munafunda mpaka mmawa? ndikufuna ndiuze Refilwe

07:31 Geofrey: Tisu

08:14 Geofrey: asisi muli pafupi ndi foni?

08:14 Geofrey: chithunzi cha dzulo chija. ndachikulitsa pa laptop kuti ndiike mu report

08:15 Geofrey: onani kuseli kwa ndowa. chakudacho ndi chani

08:17 Dailesi: ndi poto

08:17 Geofrey: poto alibe miyendo

08:17 Geofrey: ndi mbaula asisi. pambali pake pali jumbo ya makala

08:18 Geofrey: 📞 Tisungeni sanayankhe

08:18 Geofrey: 📞 Tisungeni sanayankhe

08:19 Dailesi: wandinamiza mwana ameneyu. ndikafika andiona

08:19 Geofrey: asisi simukundimva

08:20 Geofrey: mpweya wa makala suoneka. sununkha. umangokugonetsa. umatulukira mmabowo aja

08:20 Geofrey: ndamuuza atseke onse

08:20 Geofrey: mutu uja si chimfine

08:21 Dailesi: mwina ali mu taxi. mwina foni yatha moto

08:21 Geofrey: ma tick ndi awiri. foni ikuitana

08:23 Dailesi: Jofu

08:23 Dailesi: mai a ku Queenswood angondilembera. akuti sanafike

08:23 Geofrey: imbirani abambo Lyton pompano. nambala ndilibe

08:25 Dailesi: sakuyankha

08:25 Geofrey: imbaninso. akazi awo. aliyense wa pa yadipo

08:26 Geofrey: ndatuluka mu office. ndikusaka galimoto

08:28 Dailesi: akazi awo ali ku ntchito ku town. akuti bambo apita kukagula mkate, foni amaisiya pa charger

08:28 Geofrey: eish

08:29 Geofrey: inu simungachoke?

08:30 Dailesi: madam apita ku gym, andisiyira khanda lawo. ndilisiye ndi ndani

08:31 Dailesi: 🎤 mawu 0:33
Tisungeni, mwana wa amayi anga, ngati ukundimva tangodina foniyo, olo chilembo chimodzi. Sindikukalipira. Mbaulayo zilibe kanthu, ndikugulira ina ine ndemwe, uzikaotha panja. Tangodzuka utsegule chitseko. Mayi anandipatsa iwe m'manja pa depoti paja, ndikawauza chiyani ine? Dzuka mwanawe, umuyang'ane Pilira.

08:33 Geofrey: ndakwera. ndili pa msewu wa N4. magalimoto angoti tayi

08:34 Geofrey: masiku onsewa amaiyatsa ndithu. chipinda chimapuma chokha. nde palibe chimachitika

08:34 Dailesi: usandifotokozere. ndikuwaimbiranso abambo Lyton

08:37 Dailesi: ayankha. abambo Lyton. akupita pachitseko

08:37 Geofrey: musadule foni

08:39 Dailesi: akugogoda

08:39 Dailesi: zii

08:40 Dailesi: akuti wakhoma mkati. pa windo pali tape ndi katani, sakuona kanthu

08:40 Geofrey: athyole

08:41 Dailesi: akuti chitseko nchatsopano, tidikire kaye mwina akusamba kuseli

08:41 Geofrey: wakhoma mkati asisi. akasamba bwanji kuseli

08:41 Geofrey: auzeni kuti mkatimo muli mbaula. anene zonse pambuyo. chitseko ndidzakonza ine

08:42 Dailesi: akatithamangitsa pa yadi

08:42 Geofrey: auzeni

08:43 Dailesi: ndawauza. angoti Yehova. akuthamangira fosholo

08:44 Geofrey: akatsegula asachedwe mkatimo. awatulutse panja onse awiri. pamphepo

08:44 Geofrey: awagoneke chammbali. asawamwetse mkaka, asawamwetse chilichonse

08:45 Geofrey: mwawauza?

08:48 Geofrey: asisi

08:51 Geofrey: 📞 Dailesi ali pa foni ina

08:54 Geofrey: asisi ndiuzeni kanthu plz

08:57 Dailesi: awatulutsa

08:57 Dailesi: Tisu anali pansi pafupi ndi chitseko. wasanza. akulankhula zosamveka

08:57 Geofrey: Pilira

08:59 Geofrey: asisi Pilira

09:00 Dailesi: sakundiuza. ndikungomva anthu akukuwa mchizulu

09:00 Geofrey: funsani ngati chifuwa chikuyenda

09:03 Dailesi: akupuma

09:03 Dailesi: akuti wangoti lefu ngati nsalu yonyowa. koma akupuma

09:04 Geofrey: chipatala. pompano

09:05 Dailesi: abambo Lyton akuliza bakkie yawo, ka pickup. Jofu masiku a mu passport ya Tisu anatha. akafika kumeneko sakamugwira?

09:05 Geofrey: apite

09:05 Geofrey: zimenezo tidzalira mawa. apite

09:06 Dailesi: anyamuka. alowera kuchipatala cha ku Mamelodi

09:06 Geofrey: ndauza driver atembenuke. ndikawapeza konko

09:22 Dailesi: wafika?

09:40 Dailesi: Jofu

09:41 Dailesi: ndalephera kumuphikira phala mwana wa eni akeyu. ndangokhala naye pansi pa kitchen

09:58 Geofrey: ndafika. onse ali pa oxygen

09:58 Geofrey: Tisu wandizindikira

09:59 Dailesi: mwana

09:59 Geofrey: sakundilowetsa. ndikumuonera pa galasi. anesi awiri ali naye

10:26 Geofrey: watsegula maso

10:26 Geofrey: wagwetsa mask. anesi akuseka

10:27 Dailesi: 🎤 mawu 0:09
Ambuye, zikomo. Ambuye. Sindingathe kulankhula, Jofu, ndikuimbira.

10:35 Geofrey: abambo Lyton akuti makala anali ochepa. mbaula inazima yokha msanga. akanadzaza sitikanalankhula zimenezi

10:36 Geofrey: adakali nane pano pa benchi. sanandikalipire. bola akanandikalipira

10:44 Geofrey: ndamuimbira Refilwe. report isapite. baseline ndisintha. za kutseka mabowo ndichotsa

10:45 Geofrey: block yonse ija. ndinatsala pang'ono kuwalembera amange popanda njerwa za mpweya

10:47 Dailesi: za kuntchito kwakozo lero ayi

10:47 Geofrey: pepani asisi

11:30 Dailesi: madam abwera. andilola. ndikudikira taxi pa geti

11:52 Tisungeni: asisi

11:52 Dailesi: Tisu mwana wanga

11:53 Tisungeni: achimwene andibweretsera foni, anaitola abambo Lyton, koma awatulutsanso. mutu ngati wagawika pakati

11:54 Tisungeni: 🎤 mawu 0:36
Asisi pepani. Mbaula ija ndinayamba mu May. Pilira amalira ndi kuzizira, timiyendo tili ngati miyala, ine mabulangete ndamukutira onse. Ndimaiyatsa panja, utsi ukatha ndimalowetsa. Palibe tsiku inandivutapo. Dzulo achimwene atafunsa ndinaopa kunena pamaso panu. Pakati pa tulo ndinamva ngati nyumba ikuzungulira, ndinati nditsegule chitseko, miyendo inakana.

11:55 Geofrey: usapepese. ndinakuuza utseke ndine

11:55 Geofrey: ndinafunsa funso limodzi. ndinathamanga nalo

11:56 Dailesi: nonse mukhale chete. ndikubwera. wina asalire ndisanafike

12:03 Tisungeni: achimwene

12:03 Tisungeni: a Lydia abwera nawo kuno?

12:04 Geofrey: Lydia ndani

12:04 Dailesi: mai wa ku Thyolo wa chipinda chakumapeto, kuseli kwa thanki. amakhala yekha. bwanji

12:06 Tisungeni: ndi amene anandionetsa kogula mbaula. nawo ali nayo, yaikulu

12:07 Tisungeni: dzulo anandipeza ndikutseka. ndinawauza kuti achimwene anga ndi injiniya, aona pa computer

12:07 Tisungeni: nyuzipepala zotsala ndi tape anatenga iwo

12:08 Geofrey: dikira

12:09 Geofrey: ndafunsa abambo Lyton. akuti pothyola chitseko yadi yonse inatuluka

12:09 Dailesi: nayenso?

12:10 Geofrey: akuti sakukumbuka kuti amuona

12:10 Dailesi: amapita ku ntchito mmamawa. mwina anali atachoka

12:11 Tisungeni: lachiwiri sapita asisi

12:11 Dailesi: 📞 ndikumuimbira

12:12 Dailesi: ikuitana

12:13 Geofrey: tili mu bakkie ndi abambo Lyton. tikuthamangira ku yadi

12:13 Dailesi: ikungoitana Jofu

12:29 Tisungeni: achimwene mwafika?

12:41 Dailesi: Jofu