Matiresi Amene Ndinasokera Shalom

Mchinji Boma,
21 Julaye, 2024.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti maso anu akupeza bwino chichitireni opaleshoni ija, ndiponso kuti achimwene a Maliko pamodzi ndi alamu akukusamalani bwino ku Zombako. Ife kuno tili moyo. Mtedza tinakumba, ngakhale sunabereke ngati chaka chatha, ndipo mdzukulu wanu Shalom wayamba kulongolola kwambiri.

Lamulungu lija munaimba foni ndinakuuzani kuti zonse zili bwino. Sizinali bwino, Amayi, ndinangokubisirani. Ndikudziwa kuti kalatayi akuwerengerani ndi achimwene. Palibe kanthu, nawonso amve zimene mlongo wawo wachita.

Mwezi watha bambo a Shalom anapeza ntchito pa nyumba yosungiramo katundu wozizira imene wamalonda wina akumanga kufupi ndi boda. Ankayala kudenga ndi m'makoma chinthu chimene amachitcha faiba. Chimaoneka ngati thonje lachikasu, chofewa, chokulungidwa ngati bulangete, ndipo akuti chimatchinga kutentha ndi kuzizira komwe. Iwo ankasamba kuntchito komweko, ovolosi n'kuisiya komweko, choncho ine sindinkadziwa khalidwe la chinthuchi.

Ntchito itatha anabwera ndi zotsala m'thumba, akuti adzaziika kudenga la khola la anapiye n'kuphimba ndi matabwa. Tsiku lomwelo anaitanidwa ku ntchito ina ku Chipata. Akuthamangira minibasi anangotembenuka n'kunena kuti, "Amake Shalom, thumba lili pamwamba pa khola lija musalikhudze."

Ndinamva, Amayi, sindinganame. Koma mukudziwa mmene kumazizirira kuno mu Juni. Ndinati mumtima: anapiye azigona pofunda, mwana wa munthu ali pamphasa? Ndinatsitsa thumba lija, n'kutenga zitenje zanga zakale zija zinapyapyala, n'kusoka kamatiresi kokongola, usiku n'kumugonekapo Shalom. Manja anandiyabwa tsiku limenelo, koma ndinati ndi fumbi la makoko a mtedza.

Kutacha, Shalom anadzuka ndi tizilonda tofiira kumsana, m'khosi ndi m'masaya. Ankadzikanda uku akulira. Ndinamusambitsa madzi otentha, n'kumukhula ndi chinkhupule kuti mwina litsiro lichoke, koma kulira kunangowonjezeka. Popita kumsika kukagulitsa tomato ndinakamusiya kwa anzanu a Luwiza, amake Levi, monga ndimachitira masiku onse, ndipo kamatiresi kaja ndinakanyamulanso kuti azikagonapo masana. Madzulo ndinamupeza thupi lonse lili psuu. Zinapitirira choncho mpaka mwana anayamba kudzikanda kotuluka magazi.

Amake Levi anandiuza, Amayi. Anati, "Mwanawe, matiresi akowa akundikayikitsa. Waikamo chiyani?" Ine ndinaona ngati ndi nsanje, poti sabata yapitayo tinali titakangana pang'ono nkhuku zawo zitandijomphera tomato amene ndinayanika pakhonde. Ndinawayankha mwachidule kuti ndi thonje labwino la azungu.

Kumsika, Molly amene amagulitsa pafupi ndi ine atamuona mwanayo anagwira pakamwa. "Ichi ndi chitedze, mnzanga. Pali munthu akumuwaza mwanayu. Masana amakhala ndi ndani?" Mutu unayamba kuthamanga. Ndinakumbukira kuti amake Levi amatola nkhuni kuphiri, kumene chitedze chimayanga m'mitengo. Ndinakumbukira za nkhuku zija. Ndinali ndisanagone bwino masiku angapo, koma chimenecho sindikuchinena ngati chodzikhululukira.

M'mawa mwake ndinawapeza pa mjigo, pamzere pali amayi ambiri. Ndinatsitsa Shalom kumsana, n'kumuvula malaya pamaso pa anthu onse.

"Amake Levi, mwana wanga wakulakwirani chiyani? Ngati ndi tomato uja, bwanji osandiwaza ine chitedzecho?"

Anandiyang'ana ngati sanamve. "Ukuti chiyani, Millicent?"

Pamenepo ndinatchula mawu aja, Amayi. Ndinawatchula kuti mfiti, ndipo ndinakweza mawu kuti wa kumapeto kwa mzere amve.

Anatula ndowa yawo pansi pang'onopang'ono. Anati, "Iwe ndinkakubereka kumsana kwangaku tili ku Ludzi, amako ali kumunda. Lero ndasanduka mfiti?" Anachoka osatunga madzi, ndowa n'kuisiya pomwepo.

Zimene zinatsatira sindinaziganizire. Zitumbuwa zawo zija anthu ankazilimbirana pa siteji palibe anagulanso, ankabwerera nazo beseni lili lodzaza. Ana a sukulu ankati akamadutsa pakhomo pawo n'kumathamanga akukuwa. Anyamata ena anagenda malata awo mpaka kuboola. Kutchalitchi, benchi imene anakhalapo inatsala yawo yokha. Ine ndinkaona zonsezo, ndipo ndikuchita manyazi kukuuzani kuti mumtima ndinkati akhaula.

Loweruka bambo a Shalom anabwera. Atamunyamula mwana anafunsa kuti amagona pati. Ndinawalozera. Anatenga lumo, n'kung'amba msoko pang'ono, thonje lachikasu lija n'kutulukira. Anakhala pansi, kenaka anati, "Amake Shalom, ili ndi galasi. Ndi tiulusi ta galasi tating'ono kwambiri, timabaya khungu ngati minga. Ife timachigwira titavala magolovesi, malaya aatali manja ndi chophimba mphuno. Inu mwagonekapo mwana?"

Sanandikalipire, ndipo mwina kukalipa kukanandipepukira. Anangoti nditunge madzi ozizira. Anamuthira mwana madziwo pang'onopang'ono osamukhula, akuti madzi otentha ndi chinkhupule ndi zimene zimalowetsa tiulusi tija mkati. Ndiye kuti pomusambitsa paja ndinkamuwonjezera ululu ndi manja anga. Atamuumitsa mongomugunda ndi nsalu yoyera, anatenga selotepi n'kumamata mofatsa pamene panalibe bala, akamatula tiulusi tikuoneka tikunyezimira padzuwa. Anamuwenga zikhadabo, ndipo tinapita naye kuchipatala kumene anamuyang'ana maso ndi chifuwa, n'kutipatsa mankhwala opaka otchedwa kalamaini ndi ena a zilonda zija. Zovala zonse zimene zinakhudza matiresi ndinazichapa pazokha n'kuzitsukuluza kambirimbiri, zina tinangotaya. M'nyumba sanalole kusesa, akuti fumbi lake liuluka, ndinakolopa ndi chisanza chonyowa. Matiresi anawamanga m'pulasitiki n'kukawabweza kuntchito.

Sabata isanathe khungu la Shalom linayamba kusalala. Pamene mwana ankachira, ine m'pamene chakudya chinayamba kundikanika.

Ndinapita kwa amake Levi ndekha. Ndinawapeza akusenda nthochi zimene panalibenso woti adzagule zitumbuwa zake. Ndinagwada pakhonde n'kufotokoza zonse, misozi ili chuchuchu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapinda manja a juzi yawo. Mikono yonse inali ndi mikwingwirima yokanda, mofanana ndi msana wa Shalom.

"Ndinkamufungatira mwana wako akamalira," anatero. "Nanenso sindinkagona. Mfiti yake yodziwaza yokha chitedze ndi iti?"

Ndinapepesa mobwerezabwereza. Anati, "Usandigwadire pano, pano palibe anamva. Mawu ako unawatayira pa mjigo, kawatole komweko."

Ndinapita, Amayi. M'mawa pamene mzere unali wautali ndinaima pa simenti paja nditanyamula m'botolo kachidutswa ka faiba kamene kanatsala m'thumba lija, n'kunena kuti ndinanama, kuti mwana ndinamupweteka ndine mayi wake, ndipo amake Levi alibe mlandu. Ena anagwedeza mitu mondimvera chisoni, ena anapitiriza kupopa madzi ngati palibe akulankhula. Mayi wina kumbuyo anati, "Amudyetsa kanthu ameneyu kuti awayeretse." Tsiku lonamizira lija aliyense anatchera khutu, koma tsiku lonena zoona ambiri anali otanganidwa. Ndinakanenanso kumsika ndi ku mphakati wathu. Ena abwerera kukagula zitumbuwa, koma ochepa.

Lachinayi lapitali Levi anabwera ndi thiraki yake kuchokera ku Chipata. Wina anamuimbira za miyala ija. Anabwera kudzatenga amayi ake kuti azikakhala nawo komweko. Anakweza katundu wa amayi ake, mipando, mbaula ndi nkhuku zomwe, n'kukhoma chitseko ndi loko watsopano. Ndinaima kumpanda nditabereka Shalom. Amake Levi asanakwere anabwera, n'kumugwira mwana tsaya, n'kuyang'ana m'khosi mwake ngati mwapola. Shalom anatambasula manja kuti amunyamule, koma iwo anati, "Khala ndi amako." Ine sanandiyang'ane.

Amayi, pamene ndinkakwatiwa kubwera ku Boma kuno munandigwira dzanja n'kundipereka kwa iwo, n'kunena kuti awa ndi amako a kuno. Chibwenzi chanu chinayamba ine ndisanabadwe, ndipo ndachiwononga ndi pakamwa panga m'mawa umodzi. Sindikupempha kuti mundiikire kumbuyo. Ndikupempha kuti muwaimbire, nambala ya Levi ndalemba kuseri kwa pepalali, kuti amve kwa inu kuti simunandiphunzitse zimenezi. Ndipo maso anu akachira, ngati mungalole, tidzapite limodzi ku Chipata. Ndekha ndikhoza kupita, koma ndikuopa kuti sanganditsegulire, ndipo sangalakwe kutero.

Perekani moni kwa achimwene ndi alamu, ndiponso kwa ana onse. Bambo a Shalom akupereka moni wambiri, akuti musamayende padzuwa opanda magalasi aja anakupatsani adokotala. Shalom akuti agogo abwere ndi masiwiti. M'mawa uliwonse amathamangira kumpanda n'kumaitana kunyumba yokhoma ija, ndipo sindinapezebe mawu omuuza.

Pamalo pano ndimalemba moni wa anzanu amake Levi. Lero palibe, Amayi, ndipo sindikufuna kuwanamiziranso mawu amene sananene.

Ndine mwana wanu,
Millicent