Denga la Siteshoni ya Ababa

Kwa Chonde,
Mulanje.
Okutobala, 2006.

Okondedwa achimwene a Winston,

Muli bwanji kumeneko ku Karonga pamodzi ndi alamu ndi ana? Kaya malungo aja anawasiya alamu? Kuno tilipo ndithu, kungoti dzuwa lanyanya, ndipo nandolo tinakolola wochepa.

Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya ababa.

Chimwalirire amayi, ababa sanalandirenso ntchito ya ukalipentala. Obwera ndi mipando yothyoka amangowabweza. Koma mu Julayi ndinawapeza pakhonde atayala tizidutswa ta mkungudza ndi timatabwa ta mabokosi a tiyi, tija anabwera nato atapuma ku esiteti. Ndinayesa akukhoma khola la nkhunda. Atandiuza kuti akumanga siteshoni ya ku Luchenza, ndinaseka.

Mukaiona simudzaseka, achimwene. Kutalika kwake n'kofanana ndi mkono wanga, koma zonse zilipo: khonde lalitali lija, zipilala zake, kazenera kogulira matikiti, ndi benchi. Njanji apangira masipoku a njinga. Akakayikira pena, amayenda wapansi mpaka kusiteshoni, n'kukakhala pansi pa mtengo kumangoyang'ana. Akuti amisiri akale ankamanga ngati anthu oti sadzafa, ndipo zikuwawawa kuona utoto ukusupuka.

Ndi pamene ndamva kwa iwo eni kuti amayi anakumana nawo pamenepo. Akuti anatsika sitima ali mnyamata, akufuna ntchito, n'kugula nthochi kwa mtsikana wina pafupi ndi benchi. Mtsikanayo anawauza m'Chilomwe kuti malaya awo avala chotembenuza. Inu munkadziwa zimenezi? Ine ayi.

Masiku ano sitima imadutsa mwa apo ndi apo, si ngati tili ana. Koma mphepo ikachokera ku Thuchila imamveka bwino kunyumba kuno. Ikangolira, ababa amaika pansi chilichonse chili m'manja, n'kumvetsera mpaka phokoso litazilala. Nthawi imeneyo sitiwayankhulitsa.

Tsono mu Ogasiti kunabwera amalume a Pilato, alongo awo a amayi. Anayankhula mwaulemu ndithu. Anati chaka chatha chimwalirire amayi, nthawi yakwana yoti ababa asudzulidwe, abwerere kwawo ku Limbuli, popeza pano anadzakhala chikamwini ndipo amene anawatsata aja anapita. Za munda wa kudimba sanatchule, koma tonse tikudziwa kuti pali amene akuufuna.

Ku Limbuli kuli ndani, achimwene? Azakhali anamwalira, ana awo ababa amangowadziwa dzina. Ndipo kumeneko sitima simveka, ngakhale mphepo iwombe motani.

Ababa sanatsutse. Anangoti amva, ndipo adzanyamuka akamaliza kantchito kali pakhondeka. Amalume anakayang'ana, n'kuvomera, poganiza kuti n'za masiku ochepa. Atachoka ndinawafunsa ababa chifukwa chomwe avomerera msanga chotere. Anati mwambowo anaupeza, ndipo sakufuna kuti ine ndidane ndi abale anga chifukwa cha iwo. Anatinso n'chifukwa chake anayamba kumanga kanthuka, ankadziwa kuti tsikuli likubwera, ndiye ankafuna chonyamula.

Chinatsala ndi denga lokha. Anadula timalata kuchokera ku chitini cha mafuta ophikira, n'kutipinda mizeremizere ndi msomali, ntchito ya sabata yathunthu. Tsiku lomwe anapita kumsika kukagula guluu, ine ndinatola timalata tonse n'kukatikwirira m'thumba la nyemba za kalongonda.

Atabwera anafufuza pang'ono pansi pa tebulo, osandifunsa kanthu. Mawa lake anapempha chitini china kwa aneba n'kuyambiranso. Nditaona kuti tatsala pang'ono kukwana, ndinatibisanso. Usiku ndinkapemphera, masana ndikubera bambo anga.

Loweruka lapitali ndinali kusenda chinangwa pafupi nawo pamene sitima inalira. Tinamvetsera tonse awiri. Itapita, anayankhula maso ali pa ntchito yawo.

"Jenifer, kalongonda uja uyambe wamusankha usanaphike. Muli zitsulo, mungathyoke nazo mano."

Mpeni unandigwa m'manja. Ndinayamba kupepesa, koma anandiletsa.

"Ndinaona tsiku loyamba lomwe. Sindinakufunse chifukwa nanenso sindikufulumira."

Ndinalira ngati pa maliro paja. Kenako ndinakatenga timalata tonse n'kuwapatsa. Anatipukuta, n'kutiika m'thumba la jekete lawo la kutchalitchi. Mpaka lero siteshoni ili yosafolera.

Koma amalume anadutsanso dzana. Aona kuti ntchito siikuyenda, ndipo akuti mwambowo uchitike mvula isanagwe, kaya denga latha kaya silinathe. Ine ndawauza kuti malo ano anali a amayi, tsopano ndi anga, ndipo bambo anga ndiwasunga ndine. Munda wa kudimbawo atenge ngati vuto ndi umenewo. Anangondiyankha kuti nkhani zotere sakambirana ndi mwana mmodzi.

Ndiye bwerani, achimwene. Pemphani tchuthi ngakhale cha masiku ochepa. Inu ndinu woyamba kubadwa, amalume amakumverani, ndipo tikakhala awiri sadzatinso ndi maganizo a Jenifer yekha. Sindikufuna mkangano. Ndikungofuna ababa akalambire pakhonde lomwe anamanga okha.

Ndawauza kuti ndikukulemberani. Poyamba anati ndisakuvutitseni, ulendo ndi wautali. Koma ndikufunafuna envulopu anandiitana, n'kunena kuti ngati mungabweredi, mukafika ku Limbe musakwere minibasi. Mufunse tsiku la sitima, mudikire ngakhale ichedwe. Akuti papita nthawi yaitali akungoimvera patali, akufuna tsiku limodzi avale jekete, apite kusiteshoni ali ndi munthu wokamuchingamira.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa Rosie ndi mng'ono wake. Muwauze kuti agogo awo amawatchula. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlongo wanu,
Jenifer Lackson.