Khoma Limene Sitidzalijambulanso

Bungwe la Ojambula a ku Bua
Kota Kota, Nyasaland
Okutobala, 1956

Kwa a Andreya Chimbalanga, eni mbumba, kwa mayi Tabitha mlongo wawo, kwa abale onse, ndiponso kwa anthu a m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Bua mpaka ku Dwambazi,

Ife a Bungwe la Ojambula tagwidwa ndi mantha ndiponso chisoni chachikulu chifukwa cha imfa ya bambo Cyril Chimbalanga, mng'ono wanu inu a Andreya, amene anayambitsa bungwe lino nalitsogolera mpaka tsiku limene chifuwa chinawagonjetsa. Mpando wawo wagwera ine, ndipo mawu amene lilime langa linalephera kunena pamanda ndawalemba pano kuti aliyense awerenge.

Malemuwa sanaphunzire luso lawo kwa munthu, ndipo utoto wa m'sitolo sanaugwirepo. Ankasakaniza katondo, mwaye wa kudenga, laimu ndi buluu wochapira zovala, napaka ndi kamtengo kotafuna kunsonga, koma pamakoma a nyumba yawo panatuluka dziko limene maso athu anali asanalionepo. Panali mpasa zikukwera mtsinje wa Bua zitavala mikanjo yoyera ngati anthu opita kokapemphera. Panali sitima yapamadzi itamera mizu pakati pa munda wa mpunga, akakowa akuikira mazira pamene pamatulukira utsi. Koposa zonse panali njovu za mapiko a mleme zitanyamula mwezi paminyanga, ndipo mlendo aliyense woima pafupi nazo ankaweramitsa mutu mosadziwa, poopa kuti phiko limukhudza. Lero ngalawa zambiri za ku Ngala zili ndi diso la nsomba ya a Cyril kutsogolo kwake, ndipo amayi a ku Dwambazi, amene sanawaonepo nkhope, amakongoletsa makonde awo ndi mbalame zawo za mitu iwiri.

Tikudziwa kuti kukhala ndi munthu wotere pabanja sinali ntchito yopepuka. Tikukumbukira tsiku limene inu a Andreya munawamangirira kumtengo wa mango dzuwa lili paliwombo, n'kuitana ana kuti, "Bwerani mudzaone mfiti ya katondo! Iponyereni kachinangwa ivine!" Atamasulidwa anakajambula pakhoma loyang'ana kunjira fisi wadazi wovala jekete la kutchalitchi, atagwira buku la nyimbo chozondotsa, ndipo pambali pake ng'ona yovala duku, ya mpata pakati pa mano akutsogolo. Inu mayi Tabitha munafunsa mokweza, ife tikumva, kuti, "Achimwene, kodi ng'ona imeneyi ndine?" Iwo anati, "Ayi mlongo wanga, ng'ona imanyamula ana ake m'kamwa osawaluma." Sitibisa kuti nawonso dzanja lawo linali laukali, ndipo tikudziwa kuti khoma limenelo linakusowetsani mtendere nthawi zonse podutsa panjira.

Chifuwa chitakula tinabwera kudzapempha ngalawa yanu kuti tiwatengere kuchipatala. Inu a Andreya munati ngalawayo ili ndi ntchito ya matchera ophera nsomba, ndipo munawonjeza kuti, "Si uja ali ndi njovu zouluka? Akwere imodzi." Tinawanyamula pamachira, koma anatisiya tisanafike pamsewu waukulu.

Mwambo wa kumeta utatha, munalengeza kuti makolo anati nyumba ya womwalira izigwetsedwa, kuti mzimu wake usabwerere kudzasautsa otsala. Mwambowu timaulemekeza. Tinangodabwa kuti pamene anamwalira bambo anu okubalani, mwambo womwewu munautcha wachikunja, ndipo nyumba yawo ilipo mpaka lero, mukusungiramo mpunga. Komabe tinabwera kudzagwada pamaso panu. Mnzathu Swaibu, amene amapaka ngalawa, anapempha kuti mungosasula denga, makoma atsale. Mnzathu Rute anapempha kuti mutisiyire khoma limodzi lokha, losankha inu. Munatiyankha kuti, "Ana inu, mwadya mpunga wa maliro, mwakhuta, tsopano mufuna kundiphunzitsa mwambo? Wofuna khoma adzatole likagwa." Munabwera ndi makasu ndi minsi, ndipo popeza munalumbira kalekale kuti m'nyumba imeneyo simudzapondamo, palibe mwa inu amene analowa. Munagumula muli kunja.

Pofuna kukutonthozani, tikukudziwitsani kuti ntchito ya m'bale wanu sinathere m'fumbi limenelo. Malemuwa ankatiphunzitsa potionetsa chithunzi pakhoma, ife n'kumachijambula pamchenga mobwerezabwereza mpaka dzanja litaloweza. Njovu zili m'manja mwathu, mpasa zili m'manja mwathu, fisi ndi ng'ona chimodzimodzi. Swaibu wayamba kale ntchito, ndipo asodzi a ku Ngala akulimbirana fisi wadazi, chifukwa ati amaseketsa ngakhale tsiku limene ukonde wabwera wopanda kanthu. Kale fisiyu ankaonedwa ndi odutsa panjira imodzi yokha. Tsopano aziyenda ndi mphepo, ndipo paliponse pamene adzakocheze sipadzasowa mwana wodziwa dzina lake.

Koma pali khoma limodzi limene sanatilole kuliphunzira. Linali la kuchipinda, kumutu kwa pamene ankagona, ndipo tinaliona pokhapokha titalowa kudzawanyamula. Panali ana atatu atakwera pamsana pa mpasa yaikulu imene inkauluka pamwamba pa mitambo. Kamtsikana ka mpata pakati pa mano kankaseka, tsitsi lake litadzaza nyenyezi. Mnyamata wamkulu anali kutsogolo, dzanja limodzi atagwira chipsepse cha nsombayo, linalo atakumbatira mng'ono wake kuti asagwe, ndipo pankhope pake panali kukoma mtima kumene ife achinyamata sitinakuonepo pa inu a Andreya. Utoto wake unali wochindikala kuposa wa makoma ena onse. Titafunsa, malemuwa anatiuza akubanika kuti ankaubwereza chaka ndi chaka, ngakhale chaka chimene munawamanga kumtengo. Khoma limenelo ndilo munayamba nalo inu a Andreya, ndi munsi, inu mayi Tabitha mukululutira. Bungwe lakambirana ndipo lagwirizana kuti, ngakhale tikulikumbukira bwino, sitidzalijambulanso.

M'malo mwa mamembala onse, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu nonse pa imfa imeneyi. Mulungu akupatseni mphamvu, moyo wautali, ndiponso maso oona patali, pakuti ngalawa za panyanja ino n'zambiri. Mzimu wa bambo Cyril uuse mumtendere. Musaope kuti udzabwera kudzakusautsani, chifukwa malo okhawo amene ukanafuna kubwererako munawagumula ndi manja anu.

Ine wanu modzichepetsa,
Fidelis Kachingwe
Wapampando