Dimba la amayi si la lendi

Lachinayi, Kabwazi. Kunja kwazizira, koma mtima wanga ukutentha.

Dzulo sindinagone chifukwa cha bambo a Chisomo. Apeza ntchito ya ulonda ku Lilongwe, ndiye akuti tonse tisamuke. Ndinawafunsa kuti, "Kumeneko tizikadya chiyani? Madzi ogula, makala ogula, ngakhale nkhwani wogula!" Kuno mbatata ndimangokumba kudimba. Malipiro awowo akathera lendi ya chipinda chimodzi.

Lero ndamva kwa mng'ono wanga kuti amuna angawa alonjeza kale kubwereketsa dimba langa kwa munthu wa ku Mayani, ati kuti tipeze poyambira. Dimba limene anandisiyira amayi! Bambo a Chisomo ndi mkamwini pano, anabwera ndi chikwama chokha. Amalume sanawafunse n'komwe.

Ndawalalatira pamaso pa ana. Mawu amenewo ndikalapa kwa ansembe Loweruka, koma kunena zoona chisoni sichinandifikebe.

Ndikakana apita okha, ndipo ndikudziwa zimene tauni imawachita amuna okhala okha. Ndikavomera, ana akagona ndi njala dimba lathu likudyetsa ena.

Akuti galimoto ya katundu ibwera Lolemba. Ambuye, musandiuze kuti ndidikire. Ndiyankheni Lamulungu lisanathe.