Kafiriji ka Jesinta m'Kope la Magetsi

Lolemba, 2 Juni 2025
A Themba, injiniya wa ku Lilongwe, abwera kuno ku kopaletivi ya mbatata. Akuti nyumba yonseyi aimanga m'kompyuta: masola, mabatire, mababu, ndi njinga zamoto zamagetsi zimene akabaza amatchaja pano. Akufuna aone ngati magetsi angakwane njinga 6 m'malo mwa 4. Ine mlonda andipatsa kope, ndizilemba chilichonse chodya magetsi ndi nthawi yake.

Lachinayi, 5 Juni
Nkhungu mpaka 10:20. Njinga zonse 4 m'mawa, 5:40 mpaka 8:15. Mababu 7. Ndalembanso kafiriji ka kunyumba kwanga kuseriku, kosungira jakisoni wa shuga wa mkazi wanga Jesinta. Iye anati, "Bambo, kameneko musakalembe." Ndinati chimene chilipo chimalembedwa.

Lolemba, 9 Juni
A Themba akuti kope ngati langa sanalionepo. Anandionetsa mzere wofiira pa kompyuta. Tsiku la nkhungu, njinga 6 ndi kafiriji, mabatire akutha dzuwa lisanatuluke. Popanda kafiriji akupirira pang'ono pokha. Koma njinga 2 zikamatchajidwa masana, zonse zikukwana. Mtima unakhala pansi.

Lachitatu, 11 Juni
Msonkhano. Apampando, a Damiano, anafunsa akabaza kuti ndani angalole kutchaja masana. Anayankha ndi Kizito, mmodzi wa akabazawo: "Masana ndiye pali makasitomala, madala. Ife tiime chifukwa cha kabotolo?" Wina kumbuyo anati Dedza yonseyi ndi firiji kale. Anthu anaseka mpaka kutsokomola. Ndinafunsa kuti nanga Okutobala kukatentha? Sanandimve, kapena anamva. Povota, manja 14 kwa 2: kafiriji kachotsedwe pa magetsi. A Themba maso ali pa kompyuta. Anangoti iwo amangoonetsa manambala, ndipo manambalawo ndi anga.

Lachinayi, 12 Juni
Jesinta sakundilankhula.

Lachisanu, 13 Juni
A Damiano anandipatsa pulayala, akuti waya wa kafiriji ndinakoka ndine, ndidule ndekha. Kizito anandigwirira makwerero uku akuimba mluzu. Nditatsika ndinapeza Jesinta wagwada pakhonde, akukwirira timabotolo 3 mumphika wa mchenga wonyowa. Osadzutsa mutu anandifunsa, "Nthawi imene mwadulayo mwalemba?"

Ndinali nditalemba kale. 10:32.